Ola limodzi usiku, laputopu yakale: ndisewere gemu iti?

Wa ku Chibavi

Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndimagwira ntchito m'shopu ya hadiweya m'tauni muno mu Mzuzu. Ndikaweruka 5 koloko, kukwera Sacramento (njinga ya kabaza) mpaka ku Chibavi, kusamba, kudya, kuona homuweki ya mwana, nthawi imakhala yakwana 8 koloko. Kuchokera pamenepo mpaka 9 koloko ndiyo nthawi yanga. Mwezi wa Juni uno kwazizira kwambiri, kamvula kowaza sikakuleka, maligi a ku Ulaya nawonso anatha, ndiye palibe chonditulutsa panja usiku. Ndimangofunda bulangete, kapu ya tiyi pambali, n'kutsegula laputopu.

Laputopuyo ndi Lenovo yakale imene ndinagula kwa mnzanga chaka chatha: Core i5, RAM ya 8GB, yopanda graphics card yapadera. Batire lake limagwira ola limodzi ndi theka ndikachepetsa kuwala kwa sikirini, choncho magetsi akathima sindisiya gemu pompopompo. Ndili ndi mapadi awiri a USB. Intaneti ndi ya pafoni, ya bandulo, ndiye gemu yofuna kudawuniloda zinthu zatsopano sabata ndi sabata sindingaikwanitse.

Miyezi itatu yapitayi ndasewera magemu asanu. Ndifotokoze mmene ndawaonera, kenako ndifunse funso langa.

Ndinayamba ndi PES 2013, poti mpira ndiwo unatilera. Ndikudziwa kuti Konami inasintha dzina la gemuyi mu 2021 kukhala eFootball, koma ya 2013 ndi imene imayenda bwino pamakina anga, ndipo mpira wake umamveka kulemera kuphazi. Loweruka lina ndinakhala masana onse mu Edit mode ndikupanga timu ya Moyale Barracks. Ndinaikamo ndi Gabadinho Mhango, ngakhale sasewera kumeneko, n'kumupatsa mphamvu zowombera patali pokumbukira chigoli chija anamwetsa Morocco ku Cameroon mu Januwale 2022. Koma ndaona kuti mpira ndi wa anthu awiri. Lamulungu masana alamu anga akabwera kuchokera ku Zolozolo timasewera mpaka nsima kuzizira patebulo, ndipo nyumba yonse imadzaza phokoso. Ndekhandekha usiku, kulimbana ndi kompyuta mu Master League, pofika gemu yachitatu ndimakhala ndadziwa kale kumene wosewera wakumbali athamangire ndi kumene aponyere mpira. Mtima sugunda.

Kenako ndinabwerera ku GTA San Andreas, ya Rockstar ija ya 2004. Ndinaidziwira pa PS2 m'kashopu ka magemu kwathu ku Ntcheu ndili ku sekondale, koma masiku amenewo tinkangoika ma cheat n'kumathamangitsana ndi apolisi, nkhani yake sitinkaitsata. Ulendo uno ndinati ndiitsate kuyambira pomwe CJ, mwini nkhaniyo, akubwerera ku Los Santos kumaliro a mayi ake. Nkhaniyo ndi yolemera kuposa mmene ndinkaganizira: apolisi achinyengo omugwira pakhosi, anzake okula nawo limodzi omupereka, mchimwene wake womuona ngati wothawa kwawo. Vuto lake ndi nthawi. Mishoni ikakukanika cha kumapeto umayambiranso pachiyambi, kuyendetsa galimoto kubwerera kwa amene wakutuma. Mishoni yothamangitsa sitima panjinga yamoto, Big Smoke, mnzake wa CJ, ali kumbuyo akuwombera, inandidyera mausiku atatu. Kwa amene ikuwavuta: musayandikire kwambiri sitimayo, yendani motalikirako pang'ono kuti zipolopolo zizifika padenga pomwe pali anthuwo. Nditaidutsa sindinamve kukoma, ndinangomva kutopa. Chinanso, mwana wanga wamkazi wa zaka 8 akadzuka kudzamwa madzi ndimatseka laputopu msangamsanga, chifukwa zolankhula ndi zochitika za mmenemo si za mwana.

Free Fire ndinaiyesa pafoni masabata awiri. Anthu 50 pachilumba, gemu imodzi mphindi khumi kapena kuposerapo pang'ono. Nthawi ikukwanira bwino, koma netiweki ya kunyumba kwanga madzulo imagwedezeka. Umamuona mdani, kudina, n'kupeza kuti wagwa kale ndiwe. Ndinaichotsa.

Imene yandigwira mtima ndi Euro Truck Simulator 2, yopangidwa ndi SCS Software ya ku Prague, inatuluka mu 2012. Mnzanga wakuntchito atandiuza ndinakayikira. Gemu yongoyendetsa thiraki, wopikisana naye palibe, womenyana naye palibe? Umatenga katundu mumzinda uwu n'kukatula mumzinda uwo, basi. Ukadutsa loboti yofiira akulipitsa, ukathamanga mopyola muyezo akulipitsa, ukagunda galimoto ya wina katundu amaonongeka ndipo malipiro amatsika. Ukayendetsa nthawi yaitali osapuma dalaivala amayamba kuyasamula, sikirini imada ngati zikope zikugwa, ndipo uyenera kufuna poimika n'kugona. Poyamba umayendetsa mathiraki a eni ake ngati waganyu. Ukasonkhanitsa ndalama, kapena ukakongola kubanki ya m'gemumo, umagula yako. Ine ndinakongola n'kugula Scania, ndipo usiku uliwonse ndinkaonetsetsa kuti ulendo wanga ukwanire kubweza gawo la tsikulo.

Chimene chinandimangirira pa gemuyi ndi ichi. Malume anga, amene anatisiya zaka zinayi zapitazo, anayendetsa thanki ya mafuta kwa zaka zambiri pamsewu wa ku Dar es Salaam: kuwoloka pa Songwe, kudutsa Karonga, kukwera Chiweta, kudzera muno mu Mzuzu, kulowa m'Chikangawa mpaka ku Lilongwe. Akabwera kumudzi ankatiuza za giya yotsikira phiri, za mabuleki otentha mpaka kununkha, za chifunga cha ku Chikangawa chobisa ngakhale galimoto imene ili patsogolo pako penipeni. Ife ana tinkamva ngati nthano. Usiku wina ndikutsika phiri ku Austria ndi katundu wolemera, mvula ikugwa, mawaipa akupukuta, ndinadalira buleki ya phazi yokha n'kufika pakhona liwiro lidakalipo. Ngolo inandikankha kumbuyo, thiraki inakagunda chitsulo cha m'mbali mwa msewu. Ndinasiya padi n'kukhala chete kwa kanthawi, mawu a malume akumveka m'makutu: phiri umatsika ndi giya imene wakwerera. Kuyambira usiku umenewo ndimatsitsa giya ndisanayambe kutsetsereka, n'kugwiritsa ntchito retarder, chipangizo chochepetsa liwiro osaponda buleki. Ndikudziwa kuti pa laputopu palibe imfa, palibe moto wa petulo, koma kwa nthawi yoyamba ndinamvetsa pang'ono chimene munthu uja ankanyamula m'mutu ulendo uliwonse kuti ife tilipiriridwe fizi.

Nthawi nayonso imagwirizana nane. Mapu ake anawafupikitsa, moti ulendo wa makilomita 500 umatha pafupifupi theka la ola. Maulendo awiri, ola langa lakwana. Ndimakonda kuwoloka pasitima ya pamadzi kuchoka ku Calais kupita ku Dover, chifukwa ukangofika ku England umabwerera kumanzere kwa msewu ngati kwathu kuno, ndipo thupi limamasuka. Chovuta koposa ndi kuimika ngolo chambuyo pofika. Gemu imakufunsa ngati ufuna poimika pophweka kapena povuta, ndipo ndinatha masabata atatu ndisanayerekeze kusankha povuta.

Yachisanu ndi Stardew Valley, ndangoiyamba masabata awiri apitawa. Anaipanga munthu mmodzi yekha, Eric Barone, zithunzi, nyimbo, nkhani, zonse, n'kuitulutsa mu 2016. Agogo amakusiyira munda wodzaza miyala, zitsa ndi tchire, iwe uyambe kusosa, kudzala ndi kuthirira. Nyengo iliyonse ili ndi masiku 28. Ine ndinadzala kolifulawa tsiku la 20 osadziwa kuti amafuna masiku 12. Nyengo itasintha zonse zinafota tsiku limodzi. Zinandiwawa ngati mmene zimawawira ukadzala ndi chizimalupsa, mvula n'kudula.

Chimene ndaona ndi chakuti magemu othamanga amandisiya maso ali gwa, ndikagona mutu ukuzungulirabe, pomwe awiri odekhawa amandigoneka tulo tabwino ndipo m'mawa ndimadzuka wopepuka. Ndiye funso langa: ndi gemu iti ina imene ingayende pamakina ngati anga, yosafuna intaneti, yoti munthu angaisiye ola likatha osataya zomwe wachita? Ndipo ilipo yoti ndingasewere ndi mwana wanga Loweruka, yoti sindingafunike kutseka sikirini? Amene munagulapo chiwongolero cha USB cha gemu ya thiraki mundiuzenso ngati chili chofunikadi.

Wa ku Luwinga

Achimwene, nkhani ya malume anu yandikhudza. Pepani.

Koma pa magemu othamanga sindikugwirizana nanu kwenikweni. Chimene chakutopetsani mu GTA si liwiro, ndi kubwerezedwa. Gemu yokubwezera kutali ukalakwa kamodzi imafuna munthu wa nthawi yambiri, ngati ife ophunzira a ku yunivesite ya Mzuni tikatsekera. Yesani Need for Speed Most Wanted, koma ya 2005, osati ya 2012 yomwe ili ndi dzina lomwelo. Pali mndandanda wa madalaivala 15 otchedwa Blacklist, mumayamba ndi wa nambala 15 kukwera mpaka kwa Razor, amene anakulandani BMW M3 GTR yanu mwachinyengo poyambirira. Mpikisano umodzi ndi mphindi zitatu kapena zisanu, ukatha zasungidwa. Mukalephera mumangoyambiranso mpikisano womwewo, osayenda ulendo wina. Chenjezo langa ndi pa apolisi a m'gemumo: kuthamangitsana nawo kulibe malire a nthawi, ndipo heat level, muyezo wa mmene akukufunirani, ikakwera amabweretsa helikoputa ndi magalimoto olemera okugundani maso ndi maso. Musayambe zimenezo 8:50. Laputopu yanuyo iinyamula gemuyi mosavuta.

Za mpira mwanena zoona, ndi wa anthu awiri. Ku hositelo timasewera eFootball pafoni, koma imafuna intaneti nthawi zonse, ndipo itangotuluka kumapeto kwa Seputembala 2021 anthu padziko lonse anaidandaula chifukwa cha nkhope zopotoka za osewera ndi zolakwika zina. Inakonzedwa pambuyo pake, komabe kwa munthu wosunga bandulo PES 2013 yanuyo musaisiye. Za kampani ya EA, yopanga gemu ina ya mpira, nazonso zinasintha, FIFA 23 inali yomaliza ya dzina limenelo, tsopano ndi EA Sports FC, ndipo pamakina opanda graphics card musayese n'komwe.

Pa thiraki yanuyo chitani izi. Tsitsani resolution ikhale 1280x720, muchepetse mithunzi ndi ubwino wa magalasi oonera kumbuyo, chifukwa galasi lililonse kompyuta imalijambula ngati sikirini ina payokha. Magetsi akakhalapo sewerani chaja chili cholumikiza, poti pabatire laputopu imadzichepetsera mphamvu. Musaiike pabulangete. Ndikudziwa kuti kukuzizira, koma bulangete limatseka potulukira mpweya ndipo makina amatentha n'kuyamba kudukiza. Ikani kathabwa kapena thireyi pansi pake. Ngati magemu anu ali pa Steam, pulogalamu yogulirapo ndi kusungirapo magemu, lowani kamodzi intaneti ilipo, kenako musankhe offline mode, komanso muikonze kuti isamadawuniloda yokha, apo ayi mudzadzuka bandulo itatha. Kumapeto kwa Juni ndi mu Disembala amatsitsa mitengo, ngakhale kulipira kwake kumafuna khadi yolola ndalama zakunja, zimene masiku ano si zophweka.

Chiwongolero ndi chokoma koma chabwino chake n'chodula, ndipo zotchipa zambiri zimazungulira pang'ono chabe, siziposa padi. Ndalamayo muyambe mwagula SSD, chosungira mafayilo chofulumizitsa laputopu, ngati mulibe.

Chimodzi chomaliza. Munthu akafunsa za gemu ya mphindi zochepa pafoni, sipalephera wina womulozera kandege. Ameneyo si gemu, ndi juga. Mnzanga wa chipinda chimodzi anatayirako ndalama yake yodyera ya mwezi wathunthu, tinachita kumusonkhera.

Mayi wa ku Katoto

Bambo a ku Chibavi, yankho la mwana wanuyo muli nalo kale m'laputopumo. Kuyambira pa update ya 1.5, imene inatuluka mu Disembala 2020, Stardew Valley ya pakompyuta imalola anthu awiri kusewera pasikirini imodzi yogawa pakati. Pitani kwa Robin, mmisiri wa matabwa uja wokhala kumtunda kwa mudzi, akumangireni kanyumba kachiwiri pamunda, kenako mulowe mu Options musankhe kusewera awiri. Mapadi muli nawo kale. Inu muzilima, iye azidyetsa nkhuku ndi kutola mazira.

Ine ndine namwino, ndipo gemuyi ndimasewera pafoni ndikachoka ku nayiti. Munthu ukagwira ntchito usiku wonse uli ndi odwala, ukafika kunyumba thupi latopa koma mutu sufuna kugona. Ndimathirira mbewu zanga tsiku limodzi kapena awiri a m'gemumo, tulo n'kubwera. Tsiku limodzi limayamba 6 koloko m'mawa mpaka 2 koloko usiku, zomwe pawotchi yathu ndi pafupifupi mphindi 14. Choncho pa ola lanu muli ndi masiku anayi. Kumbukirani kuti pakompyuta gemu imasunga zinthu pokhapokha mukakagona pabedi, ndiye batire likayamba kulira musapite kumgodi, pitani mukagone.

Za kolifulawa wanu musadandaule, tonse tinadutsamo. Nyengo yachiwiri ikayamba gulani mbewu ya chimanga kushopu ya Pierre. Imadula, ndalama za m'gemumo 150 iliyonse, ndipo imatenga masiku 14, koma ndi imodzi mwa mbewu zochepa zopirira nyengo ziwiri, ndipo ikayamba kubereka mumathyola masiku anayi alionse. Phindu lake silalikulu poyerekeza ndi mabulubere, koma ine munda wopanda chimanga sindiuona ngati munda. Lachitatu shopu ya Pierre imakhala yotseka, mugulirentu. Imikani choopsezera akhwangwala pakati pa munda mbewu zikangochuluka, apo ayi m'mawa mupeza mapando.

Muli ndi khofi mmenemo. Njere imodzi imabereka pakatha masiku khumi, kenako masiku awiri alionse. Bambo anga amalima khofi ku Misuku, ndipo nditawaonetsa anapukusa mutu, poti mtengo weniweni umadikiritsa zaka pafupifupi zitatu usanapatse zipatso zoyamba. Komabe anakhala nane mpaka ndinakolola, akundifunsa chifukwa chake sindiika manyowa.

Chimene ndimaikondera gemuyi si ulimi wokha. Anthu a m'mudzimo aliyense ali ndi mavuto ake: wina kumwa mowa, wina anabwera kunkhondo mtima usanakhazikike, wina wokalamba woyenda panjinga ya olumala amene amakalipira aliyense. Umawapatsa moni tsiku ndi tsiku, kuwapatsa kamphatso, pang'onopang'ono amayamba kukuuza za mumtima. Nkhani zina mwa zimenezi ndi zolemera kwa mwana wa zaka 8, ndiye mudzikhala naye pafupi powerenga. Kuwerengako kumuthandizanso Chingerezi. Wanga wa Sitandade 4 mayina a masamba ndi nsomba ambiri anawadziwira mmenemo.

Minecraft nayonso ndi yabwino kwa mwana mukaika pa Peaceful, pomwe zilombo za usiku sizibwera. Wanga anamanga nyumba yathu ya ku Katoto, ndi mpanda womwe, ndi thanki ya madzi. Koma muike lamulo la nthawi kuyambira tsiku loyamba. Kwathu ndi Loweruka lokha, ntchito za pakhomo zikatha, ndipo foni imabwerera kwa ine nsima ya masana isanaphikidwe.

Dalaivala wa ku Mchengautuwa

Monire mose. Ine magemu sindiwadziwa, wandiwerengera zimenezi ndi mwana wanga chifukwa mwatchula msewu wathu. Ndayenda wa ku Dar zaka 16.

Malume anu anakuuzani zoona. Pa Chiweta giya umasankha uli pamwamba, usanayambe kutsika. Ukafuna kusintha uli pakati pa phiri, katundu akukukankha, giya ikhoza kukana kulowa, ndipo ukatero watsala ndi mabuleki okha. Mabuleki ukawaponda kosalekeza amatentha n'kusiya kugwira, mpweya nawo umatha m'matanki. Thanki ya mafuta ili ndi vuto linanso: mafuta amayenda m'kati. Ukaponda buleki amathamangira kutsogolo, ukakhota amapita kumbali, ndiye galimoto imakankhidwa kawiri.

Mwana wandionetsa gemu yanuyo pa YouTube. M'kati mwa Scania anajambula bwino, mpaka mabatani ali m'malo mwake. Koma misewu yake ndi yosalala kwambiri. Mulibe maenje, mulibe mbuzi, mulibe njinga yonyamula makala yotulukira pakhona, mulibe kugona masiku awiri paboda kudikira mapepala. Ngakhale zili choncho ndakondwa kuti wina akuona kuti ntchito yathu imafuna mutu. Poimika chambuyo, gwirani chiwongolero m'munsi: kumene dzanja lipite ndi kumene ngolo ipite. Muziyenda pang'onopang'ono, ndipo ngolo ikapinda kwambiri musalimbane nayo, pitani kutsogolo muwongole n'kuyambanso. Ife tonse timatero.

Mphunzitsi wa ku Chiputula

Achimwene, ngati bawo mumaikonda, yesani Age of Empires II. Inatuluka koyamba mu 1999, ndipo mtundu wake wa HD wa 2013 umayenda pamakina ochepa mphamvu kuposa anu. Wa Definitive Edition wa 2019 ndi wokongola koma wolemera, umenewo usiyeni. Mukasewera nokha ndi kompyuta mungathe kusunga nthawi ina iliyonse, ngakhale pakati pa nkhondo, mawa n'kupitiriza pomwepo.

Mumayamba ndi anthu ochepa ndi nyumba imodzi yaikulu. Ena muwatume kudula mitengo, ena kulima ndi kusaka, ena kukumba golide ndi miyala. Zinthu zinayi zimenezi, chakudya, mitengo, golide ndi miyala, ndizo zimayendetsa zonse, ndipo mudzi umakula kudutsa m'nyengo zinayi mpaka kukhala ufumu wa malinga ndi asilikali a pamahatchi. Ndikuifanizira ndi bawo chifukwa wopambana si wa manja othamanga, koma wowerengera patsogolo. Ukatuma anthu onse ku golide n'kuiwala minda, pofika nthawi ya nkhondo ulibe chodyetsa asilikali. Msilikali aliyense ali ndi womugonjetsa: wa mkondo amagwetsa wa pahatchi, wa uta amagwetsa wa mkondo, wa pahatchi amathamangitsa wa uta.

Ine ndimaphunzitsa History, ndiye chimene chinandikoka ndi chowonjezera cha 2015 chotchedwa The African Kingdoms. Muli a ku Mali, a ku Ethiopia, ma Berber ndi Apwitikizi. Nkhani ya Sundjata, amene anayambitsa ufumu wa Mali atagonjetsa Sumanguru pa nkhondo ya ku Kirina cha m'ma 1235, mumaisewera nokha gawo ndi gawo. Si zonse zili ndendende ngati m'mabuku, opanga gemu amakometsera, koma nditaisewera ndinapeza njira yatsopano yofotokozera ana chifukwa chake golide ndi mchere zinalemeretsa maufumu a kumadzulo kwa Africa. Ndimalakalaka tsiku lina wina atapanga yotere ya Maravi, kapena ya ulendo wa Zwangendaba kuwoloka Zambezi mu 1835 dzuwa litadetsedwa. Nkhani tili nazo, ndipo ana a ku Mzuni odziwa makompyuta tili nawo.

Kunena mosabisa, gemuyi si yogonetsa tulo ngati ya thiraki ija. Mdani akafika pachipata mtima umathamanga. Muyambe ndi kompyuta yofooka, pamapu aang'ono, ndipo mugwiritse ntchito mausi yeniyeni, osati kambale kokhudza ka palaputopu.

Wa ku Chibavi

Zikomo nonse. Yewo chomene, adada a ku Mchengautuwa. Ndayesa kugwira chiwongolero m'munsi m'maganizo mwanga poimika, ndipo usiku wa Lachinayi ndinalowetsa ngolo pamalo ovuta ku Rotterdam nditangowongola kawiri. Za mafuta oyenda m'kati mwa thanki malume sanatiuzepo, kapena anatiuza ine osamva. Ndakhala ndikuziganizira sabata yonseyi, makamaka ndikaona mathanki akudutsa pa Katoto m'mawa.

Achimwene a ku Luwinga, bulangete lija linalidi vuto. Ndaika kathabwa kotsala kushopu, ndachepetsa magalasi ndi mithunzi, ndipo kudukiza kumene kunkachitika ndikalowa mumzinda kwatha. Chiwongolero ndasiya kaye. Most Wanted ndiifunafuna mwezi ukatha. Aphunzitsi, Age of Empires ndiyamba tchuthi changa cha mu Ogasiti, chifukwa ndikuona kuti ikufuna mutu wopumula, ndipo mausi ndilibe.

Amayi a ku Katoto, dzulo Loweruka tinachita zimene munanena. Padi imodzi inayamba yakana, ndinachita kulowa mu Steam kuikonza mabatani, kenako inagwira. Mwana anasankha tsitsi ndi zovala za munthu wake kwa mphindi 20 zathunthu, ine ndikudikira. Titayamba anakana kuthirira, akuti ntchito imeneyo amaigwira kale kudimba la amayi ake kuseri kwa nyumba. Anapita kunyanja kukawedza. Kuwedza kuja ine kumandikanika, kansomba kamathawa m'kabokosi kobiriwira, koma iye pa ulendo wachitatu anakoka nsomba n'kukuwa mpaka amayi ake anatuluka kukhitchini ndi mthiko m'manja. Tamanga khola, tagula nkhuku ziwiri, wazitcha Chibavi ndi Ntcheu. Magetsi anathima cha m'ma 11 koloko, tinathamangira kukagona pabedi kuti tsikulo lisungike, batire litatsala pa 9 peresenti.

Tsopano akufuna ng'ombe. Khola lake Robin akufuna 6,000 ndi mitengo 350 ndi miyala 150, ife tili ndi 1,900 yokha ndipo chimanga chatsala masiku asanu kuti chikhwime. Amayi, pamenepa tiyambe ndi chiyani, tipite kumgodi kukaswa miyala kapena tilimbikire kuwedza kuti ndalama ikwane msanga?